Bokosi la ku Japan la a Likongwe

Panali bambo wina ku Zomba, dalaivala wopuma ntchito, dzina lawo a Likongwe. Kwa zaka zambiri ankayendetsa galimoto ya dokotala wina wachizimayi wochokera ku Japan. Nthawi yobwerera kwawo itakwana, dokotalayo anawasiyira bokosi lamatabwa limene linali la agogo ake. Linali lakale kwambiri, lofiirira, la madirowa akuluakulu. M'makona mwake munali zitsulo zakuda, ndipo uku ndi uku linali ndi zigwiriro zopisamo mtengo kuti anthu awiri azilinyamula pamapewa.

A Likongwe analiika pabalaza. Loweruka lililonse ankalipukuta ndi kansalu kakekake. Mlendo akafuna kuikapo kapu ya tiyi, ankathamanga kukamutengera kampando. M'madirowamo munalibe kanthu. Akazi awo anapemphapo kuti azisungamo zitenje, koma iwo anakana. Ankati kutsekulatsekula kuliwononga.

Patapita zaka mayiwo anamwalira, a Likongwe n'kutsala okha m'nyumbamo.

Tsiku lina mwana wawo wamkazi, Ndaziona, anatulukira kuchokera ku Balaka kumene anakwatiwa. Kumbuyo anabereka khanda lalimuna, m'manja ananyamula masaka awiri a zovala. Diso lake lakumanzere linali lotupa. Bambo ake analiona disolo koma sanafunse. Anamutsekulira chipinda chimene ankasungiramo matayala akale ndi makasu, n'kumuikira matiresi pansi.

Sikuti sankamukonda mwana wawoyo. Anali munthu wosatha kunena zakukhosi, ndipo amene ankawanenera zinthu zotere anali atapita. Ankagula sopo ndi shuga n'kusiya patebulo mwakachetechete. Ankaona ngati zimenezo zikukwanira.

Ndaziona sankaziona choncho. M'mawa uliwonse ankamasula saka, kutulutsa chovala, n'kumanganso. Ankhoswe ankabwera kudzamuuza kuti apirire, abwerere kwa mwamuna wake. Iwo akamayankhula, bambo ake ankangokhala pakhonde osanena kanthu. Kwa Ndaziona, kukhala chete kumeneko kunkamveka ngati funso lakuti, uchoka liti?

Mvula itayamba, chinyontho chinalowa m'chipindamo ndipo zovala za mwana zinachita nkhungu m'saka. M'mawa wina a Likongwe anapeza masaka awiri aja ali pakhomo, omanga bwinobwino.

"Katunduyu akupita kuti?" anafunsa.

"Ndikubwerera, bambo."

"Munthu uja wasintha?"

"Sanasinthe."

"Nanga ukukatsatira chiyani?"

Ndaziona anayang'ana pansi. "Kuja ndimamenyedwa, komabe ndili ndi poika zovala zanga. Kuno ndine mlendo."

A Likongwe anatenga chikwanje, anapita kuseri kwa nyumba n'kudula nsungwi yolimba. Anaitana mnansi wawo, a Mataka, kuti adzawathandize. Anatulutsa matayala ndi makasu m'chipinda muja. Atatero anapisa nsungwiyo m'zigwiriro za bokosi, ndipo amuna awiriwo analisenza, wina kutsogolo wina kumbuyo.

Khomo la chipindacho linali lopanikiza. Polowa, mbali ya bokosi inakhula pafelemu ndipo thabwa linakalika mzere wautali woyera. A Mataka anaima chifukwa ankadziwa mmene anzawowo ankalikondera bokosilo. A Likongwe anauyang'ana mzerewo.

"Tiyeni, achimwene, kankhani," anatero.

Analikhazika kukhoma, patali ndi zenera. Dirowa loyamba linavuta kutseguka chifukwa chokhalitsa, mpaka anachita kulikoka ndi manja awiri. Anaitana mwana wawo.

"Lapamwambali ndi lako," anatero. "Lapansili ndi la mdzukulu wangayu, kuti akadzayamba kuyenda azidzatsekula yekha."

Khandalo linali lisanayambe n'kukwawa komwe. Ndaziona anamva zimene bambo ake ankatanthauza. Anakhala pamatiresi n'kulira, ndipo a Likongwe anamusiya kuti alire. Iwo anamasula masaka aja okha, anakhuthulira zovala pamatiresi, n'kupereka masakawo kwa a Mataka.

"Awa tengani mukaikemo makala. Kuno ntchito yake yatha."

Ankhoswe atabweranso, sanaonane ndi Ndaziona. Anawalandira ndi a Likongwe pakhonde, anawamvetsera mpaka anamaliza, kenako anawauza mofatsa kuti mwanayo ali kwawo ndipo sapita kulikonse.

Bokosi lija lidakali m'chipindamo. Lili ndi zipsera zambiri tsopano. Pamwamba pake pamakhala mafuta odzola ndi chipeso, ndipo m'mbali mwake kamnyamata kaja kanalembamo ndi msomali dzina lake kali ku sitandade 1. Ndaziona amaphika zitumbuwa zogulitsa pasukulu, ndipo madzulo iye ndi bambo ake amacheza mpaka tiyi kuzizira.

Abale anga, pali anthu amene tawalandira m'nyumba zathu, mumpingo, ngakhale m'mabanja mwathu, koma katundu wawo adakali m'saka. Timawadyetsa, timawapatsa pogona, n'kumaganiza kuti akudziwa zimene zili mumtima mwathu. Sakudziwa. Ena atsala pang'ono kubwerera kumene ankapwetekedwa chifukwa palibe amene wawasonyeza malo awo. Ndipo aliyense wa ife ali ndi chinthu chabwino chimene amangochipukuta osalola munthu kuchikhudza. Mwina ndi chipinda, mwina ndi nthawi, mwina ndi mawu amene simunanenepo. Chiperekeni, ngakhale chikalike polowa pakhomo. Mukafika kunyumba lero, mufunse kuti ndani wakhala akudikira kuti mumuuze kuti akhale, ndipo mumuuze asanamange katundu.