Sitepe Yakumbuyo Imene Inadyeka M'kati

Abale anga, kudera lina lamapiri kunali dalaivala wina. Ankayendetsa galimoto yamphamvu ija yokwera zitunda ndi kuwoloka mitsinje, kunyamula odwala kupita nawo kuchipatala. Kumbuyo kwa galimotoyo kunali sitepe yachitsulo, pamene aliyense ankaponda pokwera.

Munthuyu ankadziyesa wosamala. Sitepe ikangoonetsa kadontho kofiira ka dzimbiri, iye msangamsanga ndi penti wakuda. Itayamba kupendekeka n'kumakhula chitseko, ankangoimenya ndi mwala kuti ibwerere m'malo. Tsiku lina chitseko chinakaniratu kutseguka, chonsecho mawa lake anayenera kukatenga amayi atatu oyembekezera kutsidya la mtsinje. Monyinyirika, anapita kwa mmisiri wowotcherera zitsulo.

"Bambo, mungondiwongolerako pang'ono, ndili pachangu."

Mmisiriyo anagona chagada pansi pa galimoto n'kuyamba kugogoda ndi kahamala, khutu lili tcheru. Apa chitsulo chinalira ngwee! Apo chinangoti phu, ngati dzungu lowola. Atakanikiza ndi chala, chalacho chinalowa. Munatuluka matope ouma ndi dzimbiri lodzaza manja.

"Madzi a m'mitsinje ankalowa, koma potulukira panalibe," anatero mmisiri. "Chaipendeketsa ndi dzimbiri, achimwene, osati mabampu. Tagwadani muone."

Dalaivala anagwada n'kusuzumira. Mwa mabawuti anayi ogwira sitepeyo, atatu anali ataduka kalekale. Limodzi lotsalalo linali litadyeka, kuonda ngati msomali. Anakumbukira amene anaponda pamenepo sabata yomweyo: bambo wina wonenepa wothyoka mwendo, ndi namwino atanyamula khanda la tsiku limodzi.

"Nanga chinkagwira n'chiyani?" anafunsa dalaivala.

Mmisiri anapukusa mutu. "Kachitsulo aka ayi. Ndakalambira pa ntchito imeneyi, koma zotere sindinazione."

Dalaivala anavula chipewa, nakhala pansi pafumbi pomwepo. Changu chonse chinamuthera. Analola mmisiri adule chowola chonse, aike chatsopano.

Abale, ambiri a ife ndife sitepe imeneyi. Tchimo limatidya m'kati mwakachetechete, pamene ana athu ndi onse otidalira akuponda pa ife tsiku ndi tsiku. Kuti sitinathyoke mpaka lero si mphamvu zathu ayi, ndi dzanja la Mulungu limene latigwira ife osaliona. Chifundo chotere n'choopsa, musachiyese. Pitani kwa Mmisiri lero lomwe akakugogodeni, wina asanagwe chifukwa cha inu.