Che Twaibu Abwerera ku Shedi ya Achinyamata

Itatha swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, Che Twaibu anafika pakhonde la Shehe Ajasi ku Ntaja, napereka salamu, nakhala pansi. Anali atangobwera kuchokera ku Joni, kumene anakhala zaka zambiri.

Asanapite, iwo ndi anzawo awiri ndiwo anayambitsa gulu lophunzitsa achinyamata ukalipentala kuseri kwa mzikiti, popanda malipiro. Mnzawo Imedi anamwalira iwo ali kutali. Winayo, Rajabu, anatopa nkusamukira ku Mozambiki. Ku Joniko, akamva fungo la matabwa opala kumene, mtima unkathawira kwawo.

M'mawa wa tsikulo, asanabwere kwa Shehe, anali atapita kukaona gulu lija. Anapeza shedi ya malata, anyamata ndi atsikana ali kalikiliki, koma nkhope zonse zachilendo. Mtsikana wophunzitsa anawalandira mwaulemu nkuwafunsa ngati abwera kudzagula mpando. Che Twaibu anangoti akudutsa.

Zonsezi anawafotokozera Shehe, maso ali pamkeka.

"Shehe, ndimafuna kubwerera ndizikathandiza. Koma ndibwerere kwa yani? Amene ndinkatuluka nawo thukuta kulibe. Ngakhale dzina langa palibe walimva."

Shehe, amene ankasoka okha chikuto cha buku lakale, anaika singano pambali. Anayamba afunsa za Imedi: ankaseka bwanji, ankakonda kunena chiyani ana akalakwitsa. Che Twaibu anasimba zonse, ndipo awiriwo anamupempherera malemuyo.

"Kuwasowa anzanu si tchimo, Che Twaibu," anatero Shehe. "Koma ndikufunseni. Muja munkayamba, ntchitoyi munati mukuchitira yani?"

"Tinati tikuchitira Allah."

"Nanga Imedi ana aja akumudziwa?"

"Ayi, Shehe."

"Kodi mukuganiza kuti ntchito zake zinatayika?"

Che Twaibu anapukusa mutu. Ananena motsitsa kuti zimenezo sangayerekeze nkomwe kuziganiza.

"Ndiye zanunso musaziyese zotayika. Ine sindidziwa zimene Allah walandira, koma chopereka chimene anthu aiwala mwini wake ndimachisirira, chifukwa palibe amene anakulipiraniko pano ndi matamando. Mtsikana ujanso mumumvere chisoni. Omuthandiza amabwera nkuchoka, ndipo tsiku lina iyenso adzasowa anzake monga inu lero. Pitani Loweruka mukamupemphe ntchito. Akakufunsani dzina, muuzeni dzina lokha."