Etinala Atsekula Shedi ya Njinga

Kumapiri a ku Dedza, kumene mbatatesi imabereka mosaumira koma njira zake ndi za mbuzi, kudali mudzi wotchedwa Kamtsetse. Alimi a m'mudzimo adali ndi kalabu, ndipo bungwe lina lidawapatsa njinga yamoto ya mateyala anayi, yooneka ngati kathalakitala, yoti azitsitsira mbatatesi kumsewu waukulu. Tsiku loipereka, mkulu wa bungwelo adapaka utoto wofiira pa manati ake onse, nati, "Wogwira sipanala pa njinga iyi ndi makaniko wathu yekha. Utotowu ukadzasweka, njinga tidzailanda."

Amene ankaiyendetsa adali Etinala, mayi wamfupi wosadziwa kumeza mawu. Iye ndiye adayamba kuona vuto lake. Kumbuyo kwa njingayo kudali shoko, chitsulo chokulungidwa ndi sipuling'i yonenepa, chimene ntchito yake ndi kumeza mabampu. Koma sipuling'iyo adaichuna mongoganizira munthu mmodzi wopepuka. Ukangoikapo matumba, kumbuyo kunkakhala pansi ngati galu wotopa, ndipo pamwala uliwonse chitsulo chinkagunda chinzake, khu! mpaka kumva m'mano.

Mankhwala ake Etinala ankawadziwa, poti adaonapo anyamata a kabaza akuchita zomwezo kumsika. Pansi pa sipuling'i pamakhala mphete yachitsulo ya masitepe. Ukaipotokola ndi sipanala yokhota ngati mbedza, sipuling'i imafinyika n'kuyamba kukana kulemera. Sipanalayo idali momwemo m'kabokosi ka njinga. Koma pamphetepo padali utoto wofiira.

Adakadandaula kwa wapampando wa kalabu, a Gwaza. Iwo adati, "Tidikire makaniko, mayi. Akuti abwera mvula ikatha."

Mvula isanathe, Etinala adali atatopa, pakuti adali woyembekezera, ndipo njinga adaisiyira mwamuna wake, Lufeyo. Adakonza zoti sabata yotsatira apite kukadikirira kuchipatala, koma mwana safunsa tsiku. M'mawa wina, mvula itakokolola njira n'kusiya miyala yokhayokha, matenda adamuyamba.

"Bambo, thamangani kwa a Tcheya mukapemphe kiyi wa shedi ya njinga," adatero atagwira mzati wa khonde. "Koma muwauze kuti tikweza mphete ija. Anthu awiri pa njinga imene ija, miyala ya kumtsetse indiphera mwana."

Lufeyo adathamanga. Etinala adadikira. Ululu udabwera, udapita, udabweranso, koma kulira kwa njinga osamveka. Pamenepo adatola munsi umene udatsamira pamtondo, nauyesa ndodo, n'kuyamba kukwawira kushedi kumene ankasungirako njingayo.

Adapeza akomiti a kalabu ataima chozungulira, shedi ili chitsekere, loko akulendewera. Lufeyo adali atavula chipewa, akupempha kuti amulole kukweza mphete ija. A Gwaza sadali munthu woipa mtima, koma ankaopa kulandidwa njinga.

"Njinga sitikukaniza," ankatero. "Itengeni mmene ililimu. Kapena timange machila. Koma utoto uja ayi. Njinga iyi ndi ya mudzi wonse. Akailanda, mbatatesi yathu iwolera m'munda, ndiye ana athu adya chiyani?"

"Machila akafika dzuwa litapendeka," adayankha wina.

"Ndiye tiyimbire kaye abungwe atilole," adatero winanso, akukweza foni m'mwamba kusaka netiweki.

"A Tcheya," adaitana Etinala. Onse adatembenuka. "Ndipatseni kiyi."

"Mayi, khalani pansi. Tikukambirana nkhani yanu yomweyi."

"Mukukambirana chifukwa m'mimba mwanu muli zii. Wamva m'mimba ndine. Kiyi!"

A Gwaza adagwira thumba la jekete, koma dzanja lidakanirira momwemo. Etinala sadapemphenso. Adapita pachitseko, nakweza munsi uja ndi manja onse awiri. Ulendo woyamba loko adangolira. Wachiwiri misomali idazuka ndi thabwa lomwe, chitseko n'kukankhika chokha.

"Mwaphwanya lamulo la kalabu!" adakuwa a Gwaza.

"Mudzandizenge mlandu ndikachira. Bambo, kankhani njinga ituluke."

Lufeyo adaitulutsa. Mkazi wake adamuuza kuti anyamule kumbuyo aike pachitsa, kuti sipuling'i ipume, poti yolemedwa siyipotokoleka. Munthu mmodzi sakadatha. Amuna aja adayang'anana, ndipo awiri adabwera mwakachetechete kudzathandiza, nkhope atalozetsa kumbali kuti asakumane maso ndi wapampando.

Etinala adagwada m'matope, nakola mphete ija ndi sipanala yokhota. Idali itagwira dzimbiri ndi dothi. Adakoka, siidasunthe. Ululu udamupeza pomwepo, iye n'kutsamiritsa mphumi pa teyala, kuluma chitenje mpaka udadutsa. Kenaka adati, "Gwirani pamwamba pa dzanja langa, bambo. Tikokere limodzi." Adakoka awiriwo. Utoto udathetheka, mphete n'kudumphira pa sitepe yotsatira, kwa!

Lufeyo, mtima uli m'mwamba, adafuna kuikweza mpaka kumapeto.

"Iyayi," adamuletsa mkazi wake. "Mukalimbitsa kwambiri ikhala ngati mwala, izingotiponya m'mwamba. Onjezani kamodzi, tiyese."

Adaitsitsa pachitsa, nakwera onse awiri. Kumbuyo kudatsika pang'ono n'kuima, malo omezera mabampu atatsala. Etinala adagwedeza mutu movomereza, nagwira mwamuna wake m'chiuno.

"Pang'onopang'ono," adatero. "Koma osaima."

Njinga idatsika mtsetse wonse ikunyang'ama pamiyala, chitsulo osagunda ngakhale kamodzi. Adafika kuchipatala dzuwa lili paliwombo. Anamwino adapeza kuti mwana wagona mopingasa, nayitana ambulansi ya kuboma, ndipo madzulo ake Etinala adachira mwana wamkazi wamoyo.

Koma zimene a Gwaza ankaopa zidachitikadi. Mvula itatha makaniko adabwera, adaona utoto wosweka, ndipo bungwe lidatumiza lole kudzatenga njinga. Chaka chimenecho anthu a ku Kamtsetse adatsitsa mbatatesi pamutu, ina n'kuwolera m'nkhokwe. Ambiri adamuda Etinala. Iye ankasenza thumba lake limodzi nawo, khanda lili kumsana, osawerama kwa munthu.

Akomiti adaitanitsa msonkhano woti apepese pagulu. Etinala adaimirira, namasula mwana kumsana, n'kumukweza kuti onse amuone.

"Mbatatesi yanu yandipweteka mtima, poti ndi yanga yomwe yawola. Thabwa la chitseko ndakhoma kale. Koma kupepesa sindipepesa. Tsiku lija litabweranso mawa, ndingaswenso."

Anthu adachita phokoso. Pamenepo mayi Nankhoma, akazi awo a a Gwaza, amene adatayapo mwana pamachila zaka zam'mbuyo, adaimirira nati, "Musiyeni. Tonse tidali pomwepo, manja m'thumba. Wamva m'mimba ndiye adatsekula chitseko. Nanga ife amene makosi akutiwawa ndi matumbawa, tikudikira kuti atitsekulire ndani?"

Sabata yomweyo amayi a m'mudzimo adavala zitenje zawo, nayenda okha mpaka kuboma. Adakhala pakhomo pa ofesi ya bungwelo osasuntha, kufikira mkulu uja atatuluka kudzawamva. Njinga idabwerera ku Kamtsetse nyengo yokolola yotsatira.

Kuchokera pamenepo, mawu a mayi Nankhoma adayenda m'midzi mpaka kukhala mwambi umene timanena lero: "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko." Tanthauzo lake ndi lakuti vuto limawawa mwini wake. Anzako akhoza kukumvera chisoni, akhoza kukhala pansi kukambirana za iwe, koma changu chawo sichingafanane ndi chako, chifukwa ululuwo suli mwa iwo. Tsono likakugwera, usakhale chete kudikira kuti wina akuyambire. Dzuka, gwira chitseko ndiwe, ndipo ukonzekenso kusenza zimene zingatsatire. Othandiza amabwera ndithu, koma amabwera akaona mwini wake waimirira.