Msinkhu wa Gwape Unapita M'chipanda

Kalekale, nyama zisanaiwale kuyankhula, agwape sanali tinyama tating'ono timene mumationa lero. Anali aatali ngati ngoma, akaima m'udzu mutu umaonekera kutali. Mverani chimene chinawafupikitsa.

Gwape wina anabereka mwana wake woyamba. Amayi ake anali atamwalira, apongozi ake anali kutsidya kwa mtsinje wosefukira, ndiye panalibe womulangiza. Mwana asanayamwe n'komwe, anatulukira Vumbwe, chipanda chili m'khwapa. Vumbweyu anali wa pakamwa potsekemera, uja amalira maliro kuposa namfedwa.

"Mlamu, taimani kaye," anatero Vumbwe. "Mkaka wachikasuwo mukufuna kupatsa mwana? Umenewo ndi litsiro. Ufinyireni muno, ndikautaye pa mphambano kuti tsoka lipite ndi odutsa."

Gwape anachita mantha. Anafinya, Vumbwe ananyamula, mwana anangolawa madzi.

Patapita masiku atatu mkaka unayera. Mwana anayamwa, kenako n'kulira monga alirira ana onse. Vumbwe uyo pakhomo.

"Mwamva kulirako? Mkaka wanu ndi wowawasa, mlamu. Ufinyireni muno, ndikautaye pa mphambano. Mwanayu azimwa madzi a m'chithaphwi."

Gwape anafinya, Vumbwe ananyamula, mwana anatsegula m'mimba.

Mwezi usanathe Vumbwe anabweranso, chipanda chake chasintha, tsopano n'chachikulu.

"Uyu ndi mwamuna, mlamu, bere silingamukhutitse. Mupatseni phala lamadzimadzi la gaga, m'mawa, masana ndi madzulo. Mkakawo muziufinyira muno."

Gwape anafinya, Vumbwe ananyamula. Ndipo taonani, mwana anayamba kufufuma. Masaya anadzaza, miyendo inakula, mimba inatsogola. Ubweya unkathothoka, kusewera sankasewera, koma mayi wake ankangoona masayawo. Mtima wake unali mbee, mpaka anayamba kuimba. Kusadziwa ndi kufa komwe.

Tsiku lina anapita naye kuchitsime kuti anzake akamusirire. Anapezako Nyani, mayi wobereka ana asanu ndi awiri, onse amoyo. Nyani sanayamikire. Anangomuyang'ana mwanayo nthawi yaitali.

"Mwana wanga, bwera naye kuno," anatero.

Anadina chala pamwendo wa mwanayo. Atachotsa chala, panatsala kadzenje ngati padongo loumbira mbiya. Anadikira, kadzenje kaja osabwerera.

"Uku si kunenepa, n'kutupa. Amayamwa kangati pa tsiku?"

"Sayamwa, amayi."

Njati, amene ankamwa, madzi anamutayika m'kamwa.

"Sayamwa? Nanga mkaka wako ukupita kuti?" anafunsa Nyani.

"A Vumbwe amakautaya pa mphambano."

Nyani anagwira pakamwa. Kenako ananyamula mwanayo n'kunena kuti, "Tiyeni tikaone kumene ukutayidwako."

Anayenda, anayenda, mpaka pa mphambano. Dothi linali gwa, ngakhale dontho la mkaka panalibe. Koma kuseri kwa chulu kunkamveka kukhathamula. Atasuzumira, anaona ana atatu a Vumbwe, ubweya uli chezichezi, mitu ili m'chipanda, mayi wawo akunyambita ndevu pambali.

Gwape anasendera pafupi. Anayang'ana ana onyezimirawo, anayang'ana wake ali lende m'manja mwa Nyani. Kenako anatembenukira kwa Vumbwe.

"Mlamu, munati ndi litsiro."

"Ndimati ndiuyese kaye pa ana angawa, kuti wanuyo asadwale," anayankha Vumbwe.

Palibe anaseka. Njati anaponda chipanda chija n'kuchiswa, ndipo nyama zonse zinamuthamangitsa Vumbwe ndi ana ake. N'chifukwa chake mpaka lero amayenda mozemba, sayang'ana mnzake kumaso.

Gwape anakhala pansi n'kulira. "Amayi, bere layamba kuuma. Mwana wanga afa."

"Muike pabere pompano," anatero Nyani. "Mkaka umabwera ndi kuyamwa. Akalira, bere. Akadzuka, bere. Madzi ndi phala adzazipeza akakula."

Mwana anayamwa mofooka tsiku loyamba, lachiwiri anakoka pang'ono, lachitatu anameza momveka. Pang'onopang'ono kutupa kunaphwa, ubweya unamera, anayamba kudumpha. Gwape anasangalala.

Koma mvula inagwa n'kusiya, inagwanso n'kusiya. Anzake a mwanayo obadwa naye anatalika, iye anangothera m'mawondo mwa mayi wake. Gwape anabwerera kwa Nyani.

"Amayi, nanga adzakula liti?"

Nyani anawerama. "Moyo tinapulumutsa, mwana wanga. Msinkhu unapita m'chipanda."

Ana a mwanayo anabadwanso aafupi, adzukulu chimodzimodzi. Ndiye mukaona gwape akubisa mwana wake pathengo, n'kumabwera yekha kudzamuyamwitsa mopanda mlendo pafupi, dziwani kuti akukumbukira.

Mkaka woyamba wachikasu uja si litsiro, ndi wa mwana, ndipo kutupa si kunenepa. Wokuuzani kuti mutaye chinthu, yambani mwaona chimene wanyamula m'khwapa.

Nthano yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule, ingapserere.