Dokotala Amene Anatseka Mlonda Pakamwa

Panali dokotala wina amene anaona kuti maphunziro ake sanakwane. Anasiya chipatala, nakwera ndege kupita kunja kukaphunzira za matupi a anthu ochita masewera: minyewa, akakolo, mawondo. Atabwerera, timu ina yaikulu ya mpira inamulemba ntchito. Anamupatsa mpando m'mbali mwa bwalo ndi chikwama cha mankhwala.

M'timumo munali mnyamata wina womwetsa zigoli. Sukulu analibe, munda analibe. Chuma chake chonse chinali miyendo iwiri.

Masewero omaliza olimbirana chikho atayandikira, mnyamatayo anavulala bondo pokonzekera. Tsiku la masewero linafika bondolo lili chitupire ngati dzungu. Dokotala analigwira, nalipinda uku ndi uku, ndipo anadziwa. Mtsempha wa m'kati unali utang'ambika, utangotsala pang'ono kuduka. Zimenezi ndi zomwe anapitira kunja. Panalibe wina pamalopo wozidziwa.

Mwini timu analowa m'chipinda chovalira, mimba patsogolo.

"Adokotala, kodi tinakulembani ntchito yotiwerengera odwala? Chikho ndi lero. Uyu asewera."

Mnyamata anati, "Adokotala, ndikaponda pansi zikundibaya ngati msomali. Sindiwononga mwendo?"

Dokotala anayang'ana mnyamata, nayang'ana mwini timu. Kenako anatsegula chikwama.

"Usaope, mphwanga. Kajakisoni aka, ululu wonse utha."

Sananame. Ululu unathadi. Bondo linachita dzanzi, ndipo mnyamata anathamanga ngati gwape. Anamwetsa chigoli, bwalo lonse linagwedezeka. M'chigawo chachiwiri anatembenuka ndi mpira, popanda womukhudza, n'kugwa. Amene anali pafupi anamva ngati nthambi youma yathyoka. Iye sanamve kanthu. Anayesa kudzuka, mwendo unakana. Anamutulutsa pa machira anthu akuimba nyimbo.

Chikho timu inatenga. Pa chithunzi cha tsikulo dokotala alipo, wagwira chikho mbali imodzi, mano onse pamtunda. Mnyamata palibe.

Zaka zinapita. Dokotala anatchuka, nayamba kuphunzitsa madokotala anzake. Mnyamata uja anakalamba akugulitsa nzimbe pachipata cha bwalo lomwelo, mwendo wouma ngati munsi.

Tsiku lina dokotala anatsika m'galimoto pachipatapo, nagula nzimbe. Maso ake anagwera pa mwendo uja.

"Madala, mwendowu unatani?"

"Mpira, bwana."

Dokotala anapukusa mutu. "Vuto lanu anthu inu ndi limeneli. Thupi likamakuuzani kuti lapweteka, simumva. Mukanabwera kwa ife msanga."

Ndipo analowa m'bwalo akutafuna nzimbe.

Tsono inu ana amene mukulongedza zikwama kuti mukaphunzire udokotala wa zamasewera, mundimve, ngakhale ine sukulu ndinalekezera panjira. Ululu ndi mlonda wa thupi. Mlonda akakuwa, ndiye kuti wakuba wafika. Dokotala uja sanathamangitse wakuba. Anatseka mlonda pakamwa, nyumba n'kuberedwa masana anthu akuwomba m'manja.

Akanakhala mbuli, bwenzi ndikuti ndi ngozi. Koma ankadziwa! Zala zake zinaugwira mtsempha uja. Maphunziro onse aja anangomuthandiza kudziwa pobaya.

Pitani, kaphunzireni mayina onse a mafupa. Mukabwera mudzavala majekete a timu, adzakujambulani pafupi ndi zikho. Koma tsiku lidzafika limene mwini timu adzaima kumanja kwanu, mwana wa eni ake ali chigonere kumanzere, bondo lili m'manja mwanu. Ngati tsiku limenelo pakamwa panu sipadzatha kutulutsa "ayi", khalani konko kunjako. Ogulitsa nzimbe pachipata takwana kale.