Chithunzi Chopanda Chipsera

Panali munthu wina wojambula zithunzi pafupi ndi depoti ya basi. Amuna opita ku Joni ankadzera kwa iye, kuti asiyire abale awo nkhope yoyang'ana akawasowa. Ntchito itamuchulukira, anapeza njira yachidule pa kompyuta. Ankakonza chithunzi chimodzi, n'kudina batani, zina mazana atatu n'kusalala nthawi yomweyo. Ziphuphu, makwinya, mabala, zonse psiti! Zithunzi zoyambirira zosakonza zija ankazifufuta, ati zikungodya malo.

Mwa amuna amenewo munali Lufeyo, mwana yekhayo wa mayi wina wamasiye. Anali ndi chipsera pachipumi, cha khasu limene linamutema ali wamng'ono.

Patatha zaka ziwiri Lufeyo anangoti zii. Kenako kunabwera uthenga wochokera kwa Amalawi a kumeneko: galimoto yagubuduzika, ndipo m'nyumba yachisoni mwatsala mtembo umodzi wopanda chiphaso. Nkhope yawonongeka, koma chipsera cha pachipumi chikuoneka. Amene akuti ndi wake atumize chithunzi lisanafike Lachisanu, apo ayi aboma akauika pamodzi ndi osadziwika.

Mayi uja anatsitsa pakhoma chithunzi chimene Lufeyo anamusiyira. Chipumi chinali see, ngati cha khanda. Anathamangira kwa wojambula.

"Bambo, mwana wanga ali ndi chipsera apa. Ndipatseni chenicheni chija."

Munthu uja anafufuza m'kompyuta mpaka thukuta kamukamu. Munalibe.

"Pepani mayi, ine ndinkangofuna kuti onse azioneka bwino."

"Anakuuzani ndani kuti sankaoneka bwino? Bala limene lija ndinalimanga ndi chitenje changa."

Anatumiza chosalalacho, poti china panalibe. Akumeneko anayang'ana chithunzi, anayang'ana mtembo, n'kunena kuti si ameneyu. Loweruka anauika, pamanda n'kulembapo nambala. Mpaka lero mayi uja sadziwa ngati alire maliro kapena adikire basi.

Ndikunena ndi inu amene mawa mukayamba ntchito m'zipatala, m'masukulu ndi m'maofesi. Anthu adzakuchulukirani, mudzatopa, ndipo mudzafuna yankho limodzi lokwanira onse. Ine ndakalamba ndikuchenjeza zimenezi, ndipo zimandiwawa, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri a inu mudzadinabe batani lija. Koma tsiku limenelo chala chisanatsike, kumbukirani kuti chimene mukufufuta pa munthu ngati chilema, mwina ndi chokhacho chimene mayi wake angamudziwire.