Phulusa la Nkhanga ndi Nkhondo ya Linthumbu

Kalekale, ana inu, mbalame zoyenda pansi za m'dambo lina zinkalamulidwa ndi Nkhwazi. Nkhwaziyo sankakhala nazo ayi. Kwawo kunali kutsidya kwa mtsinje, pamwamba pa mtengo wautali. Koma chaka ndi chaka ankatenga dzira limodzi pachisa chilichonse. Ankati umenewo ndi msonkho wa chitetezo.

Kudamboko anaikako kapitawo wake, Khwangwala, uja wa kolala yoyera. Khwangwala ankadana ndi litsiro kuposa njala. Tsono ataona mbalame zikusamba m'phulusa monga ankachitira makolo awo, anakalipa.

"Mwambo wauve umenewu uthe lero," anatero. "Mbalame za Mfumu Nkhwazi sizigubuduka m'phulusa."

Mbalame zinamvera, utitiri nkumazidya mwakachetechete.

M'dambomo munali Nkhanga, mayi wa nthenga zakuda bii. Anali atangoikira mazira pansi pa chitsamba, ndipo ankawakonda kuposa moyo wake.

Tsiku lina Zinziri anafika ali wefuwefu.

"Linthumbu likubwera!" anafuula. "Ladya dziko la Achule, lamaliza la Abuluzi, tsopano laloza kuno."

Nkhanga anathamangira kwa Khwangwala.

"Bwana, tinkapereka mazira kuti mutiteteze. Nkhondo ija yafika."

"Musade nkhawa, mayi. Mfumu ikunola zikhadabo."

Linthumbu linawoloka khwawa. Nkhanga anapitanso.

"Mfumu ikudikira mphepo yabwino," anatero Khwangwala.

Linthumbu linafika pachulu cha kumalire. Nkhanga anapita kachitatu, ndipo anapeza Khwangwala akumanga katundu.

"Mfumu yati iyambe yateteza mtengo wake," anatero kapitawoyo, maso ali kumbali. "Dambo lino lili kutali."

Ndipo anauluka, kolala yake ili mbee.

Posakhalitsa kunabwera kazembe wa linthumbu, chimutu chachikulu, mawu otsekemera.

"Tipatseni njira, mayi. Ife tabwera kudzakumasulani kwa Nkhwazi."

"Nanga Achule munawamasula aja ali kuti?" anafunsa Nkhanga.

Kazembeyo anangokukuta mano nkubwerera.

Tsono Nkhanga anaitana mbalame zonse. Nkhwali ndiye anayamba kulankhula.

"Tithawe, achemwali. Mapiko tili nawo."

"Mapiko tili nawodi," anayankha Nkhanga, "koma mazira alibe miyendo. Kuseri kwa chitsamba chachikulu tchire linapsa dzana. Makolo athu ankati linthumbu siliwoloka phulusa."

"Nanga lamulo la Bwana Khwangwala?" anafunsa Zinziri mwamantha.

"Lamulo lauluka ndi mwini wake."

Ha, mukanaona, ana inu! Mbalame zinathamangira palupsa. Zinagubuduka, zinadzaza phulusa m'nthenga, nkubwera kudzalikutumula mozungulira zisa. Zinapita, zinabwera, zinapitanso, mpaka mzere wa phulusa unazinga zisa zonse.

Linthumbu linatulukira kum'mawa, lakuda ngati mtsinje wosefukira. Linagunda phulusa nkubwerera. Linazungulira kumadzulo. Linagundanso phulusa nkubwerera. Kachitatu linapeza mpata pomwe mphepo inaulutsa phulusa, ndipo mpatawo unali pafupi ndi chisa cha Nkhanga.

Nthawi yothamangira palupsa panalibe. Nkhanga anayang'ana mazira ake. Tsono anagona pampatapo, natambasula mapiko ake odzaza phulusa. Iye mwini anasanduka mpanda.

Linthumbu linamukwera. Linamuluma m'khosi, linamuzula nthenga za kumutu. Nkhanga analira ndi ululu, koma sanasunthe.

"Bweretsani phulusa!" anakuwa. "Thirani pa ine pompano!"

Nkhwali anathira. Zinziri, wamantha uja, anathiranso, miyendo ikulumidwa. Mbalame zonse zinathira, mpaka linthumbu linagonja nkutembenukira komwe linachokera. Palibe dzira ngakhale limodzi limene linadyedwa.

Nkhondo itatha, kumwamba kunamveka mapiko. Anali Nkhwazi, Khwangwala ali pambuyo.

"Tapambana!" inatero mfumuyo. "Ndipo poti nkhondo ndi yodula, chaka chino msonkho ndi mazira awiri."

Nkhanga anadzuka, mutu uli magazi okhaokha.

"Mwapambana muli kuti, mfumu?"

Nkhwazi anangotambasula chikhadabo kuloza chisa cha Nkhanga. Pomwepo mbalame zonse zinakupiza mapiko pamodzi. Phulusa linangoti kobo! Linamulowa Nkhwazi m'maso ndi m'mphuno. Mfumu inauluka ikutsokomola, kapitawo wake akulira kuti khwaa, khwaa, ndipo kudamboko sanabwerereko.

Mazira aja anaswa, anapiye nkumayenda pambuyo pa mayi wawo m'dziko lawolawo.

Mpaka lero mutu wa Nkhwazi ngoyera ndi phulusa lija. Nkhanga mutu wake ulibe nthenga, ndipo thupi lake lili ndi mawanga oyera. Musamuseke dazi lakelo, ana inu. Amayenda nalo monyada, chifukwa akudziwa kumene analitenga.

Tsono phunziro ndi ili. Wokulamulira ali kutali amakonda mazira ako, osati moyo wako, ndipo wobwera ndi nkhondo nkumati akukumasula ali ndi njala yakeyake. Kwanu mudzakuteteza inu nomwe, ndi nzeru zimene makolo anakusiyirani. Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Nthano yanga yafika pothera pamenepo, ndipo phulusa la moto uwu musalitaye.